Mmene malire a swaumu ya Ramadan anakhazikikira

Lamulo la swaumu, kutanthauza kusala kudya mwezi wa Ramadan, linatsika ku Madina m'chaka cha 624, chachiwiri kuchokera pa msamuko wa Mtumiki Muhammad (SAW, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) wochoka ku Makka, m'mwezi wa Sha'ban. Lisanatsike, Asilamu ankasala tsiku la Ashura, la 10 m'mwezi wa Muharram. Ndime za lamuloli zili mu Qur'an, Sura Al-Baqara, 183 mpaka 187, ndipo amene waziwerenga mofatsa amaona kuti dongosolo limene timatsata lero linabwera pang'onopang'ono.

Poyamba munthu ankatha kusankha: kusala, kapena kudyetsa wosauka mmodzi pa tsiku lililonse limene sanasale. Pambuyo pake mwayiwu unatsalira okalamba ndi odwala matenda osachiritsika. Wodwala kwa kanthawi ndi wapaulendo amabweza masikuwo mwezi ukatha, chimodzimodzi mayi amene ali kumwezi kapena wangobereka.

Chovuta kwambiri chinali usiku. Munthu akagona tulo dzuwa litalowa asanadye, basi, chakudya chinali choletsedwa mpaka madzulo a mawa lake. Qays ibn Sirma, mmodzi mwa otsatira a Mtumiki, anaweruka kumunda atatopa, napeza kuti kunyumba kulibe chakudya. Mkazi wake atapita kukafuna, iye tulo tinamuba, ndipo tsiku lotsatira anakomoka dzuwa lili paliwombo. Apa ndi pamene inatsika ndime 187, yololeza kudya, kumwa ndi kukhala malo amodzi ndi mkazi usiku wonse, mpaka ulusi woyera usiyanike ndi wakuda. Wotsatira wina, Adi ibn Hatim, anamva mawuwa monga alili, naika zingwe ziwiri pansi pa mtsamiro kuti aziziyang'ana. Mtumiki anamufotokozera kuti zikunenedwazo ndi kuwala kwa m'bandakucha ndi mdima wa usiku.

Malirewa ambiri amawasokonezabe. Swaumu imayamba pa m'bandakucha weniweni, nthawi ya swala ya Fajr ikangolowa, osati dzuwa likatuluka. Ku Madina kunkamveka azana (kuitanira ku swala) ziwiri: ya Bilal kukadali usiku, yodzutsa anthu kuti adye daku (chakudya chodya kusanache), ndi ya Ibn Umm Maktum yoletsa kudya. Amene apitiriza kumwa kutacha mwadala, tsikulo lawonongeka ndipo ayenera kulibweza. Wodya moiwala angolavula zimene zili m'kamwa n'kupitiriza, swaumu yake ili bwino. Madzulo, dzuwa likangolowa, kumasula kusachedwe. Mtumiki ankayamba ndi zipatso za tende, akasowa ankamwa madzi, kenako n'kuswali Maghrib. Kudumpha daku sikuwonjezera malipiro, kumangofooketsa thupi, ndipo Mtumiki analimbikitsa kuidya mochedwerako.

Swala ya Taraweeh, yoswali usiku m'mwezi wa Ramadan, nayo ili ndi mbiri yake. Mtumiki anaiswalitsa mumzikiti mausiku ochepa chabe, n'kusiya poopa kuti ingakhale yokakamiza. Anthu anapitiriza kuswali payekhapayekha kapena timagulu, mpaka Umar ibn al-Khattab, mtsogoleri wachiwiri wa Asilamu Mtumiki atamwalira, anawasonkhanitsa kumbuyo kwa imamu mmodzi, Ubayy ibn Ka'b. Ena amaiswali maraka (zigawo za swala) 8, ena 20; kusiyanaku kumachokera m'malipoti akalewo, ndipo mbali zonse zili ndi umboni wake, choncho n'zomvetsa chisoni abale akamadana nazo.

Mweziwu umakhala ndi masiku 29 kapena 30, malinga ndi kuoneka kwa mwezi. Kukachita mitambo, amakwanitsa 30. Chaka cha Chisilamu chili ndi masiku pafupifupi 354, n'chifukwa chake Ramadan imafulumira ndi masiku 10 kapena 11 chaka chilichonse, n'kuzungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33.