Laputopu ya magemu imadya magetsi, imapumanso fumbi

Pa ntchito yanga yokonza makompyuta kuno ku Kasungu boma, pali dandaulo limene ndalimva kambirimbiri. Mnyamata amalowa atakumbatira chikwama, n'kunena kuti: "Achimwene, chinthu ichi ndinagula ndalama zambiri, koma batire siikwanitsa ngakhale maola awiri. Anandipusitsa?" Nthawi zambiri sanapusitsidwe. Laputopu ya magemu inapangidwa choncho.

Mitundu monga Lenovo Legion, ASUS TUF, Acer Nitro kapena HP Victus imasiyana ndi laputopu wamba ya muofesi pa chinthu chimodzi chachikulu. Kuwonjezera pa purosesa, mkati mwake muli graphics card yapayokha, kawirikawiri ya NVIDIA GeForce, imene ntchito yake ndi kujambula zithunzi zoyenda pa sikirini mwachangu. Kachipangizo kameneka ndi kamene mumalipira, ndiponso ndi kamene kamameza magetsi.

Tembenuzani chaja yanu muwerenge zolembedwa pansi pake. Ya laputopu wamba imalembedwa mawati 45 kapena 65. Ya magemu mupeza 180, 230, ina mpaka 330, n'chifukwa chake imalemera ngati njerwa. Batire nayo siingakule mopyola malire. Malamulo a m'ndege salola okwera kunyamula mwaufulu batire yoposa 100Wh (batire ya 100Wh imapereka mawati 100 kwa ola limodzi), ndiye opanga amalekezera pa 99, ndipo zambiri siziyandikira n'komwe pamenepo. Tsono werengerani nokha: makina ofuna mawati oposa 150 pa batire yotereyi sangatenge nthawi. Pofuna kudzipulumutsa, laputopu imachepetsa liwiro mukangozula chaja, gemu n'kuyamba kudukizadukiza. Sikuti yadwala ayi.

Apa mpamene anzathu a sola amagwa m'mavuto. Ka inverter kamene kamayendetsa wailesi ndi kutchaja mafoni pakhomo sikangathe kunyamula chaja ya mawati 230. Kamayamba kulira, kenako kuzima. Musanagule laputopuyo, yambani mwaona mphamvu ya inverter ndi batire la sola lanu. Amene muli pa magetsi a gridi, gulani kotchinjiriza mphamvu ya magetsi ikakwera mwadzidzidzi, chifukwa nthawi yoopsa ndi pamene magetsi akubwera atathima.

Koma mdani weniweni kwathu kuno ndi fumbi. Makina amenewa amakhala ndi mafani awiri okoka mpweya pansi n'kuutulutsira kumbuyo ndi m'mbali. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, mpweya wa ku Kasungu mumaudziwa. Ndikatsegula laputopu yomwe yatha chaka osapukutidwa, potulukira mpweya ndimapezapo chinthu chonga thonje lofiirira, mwinanso ndi tizidutswa ta fodya ngati mwini wake amakhala pafupi ndi chigafa. Mpweya ukatsekeka, purosesa imatentha kupitirira madigiri 90, ndipo imadzichepetsa yokha liwiro kuti isapse. Mwini wake amaganiza kuti ndi vairasi.

Chomwe chimandimvetsa chisoni n'chakuti ambiri amaseweretsa pabedi, laputopu ili pa bulangeti, mabowo onse opumira atatsekeka, m'mwezi wa Okutobala! Ikani patebulo, ndipo kwezani kumbuyo kwake pang'ono, ngakhale ndi timatabwa tiwiri. Ine ndimalangiza kuipukutitsa mkati kawiri pachaka, ndipo ikakalamba asinthe thermal paste, phala lija limakhala pakati pa purosesa ndi chitsulo chozizitsira.

Nanga pa ntchito? Kwa ojambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, kapena olemba mapulani a nyumba pa AutoCAD, ndalama zanu sizinapite pachabe. Graphics card yomweyo imafupikitsa nthawi yodikira vidiyo kuti ithe kukonzeka. Koma ngati ntchito yanu ndi Word, Excel ndi makalata, mudzangovutika kunyamula makilogalamu oposa awiri pa kabaza, kuphatikizapo njerwa ija, n'kumasakasaka soketi paliponse mwafika.

Za bandulo musaiwalenso. Gemu ya GTA V payokha imafuna malo pafupifupi 100GB, ndipo gemu ya mpira ija tikuitchulabe FIFA, ngakhale inasintha dzina kukhala EA Sports FC mu 2023, imafuna kudawunilodi zowonjezera pafupipafupi. Lowani mu makonzedwe a Steam (pulogalamu yogulira ndi kudawunilodi magemu) kapena Windows muzimitse zoti izidzitengera yokha zowonjezerazo, apo ayi mudzadzuka m'mawa bandulo ya mwezi wonse itatha usiku umodzi.