Bambo asatsale pabenchi ya panja

Mwana akatuluka m'chikuta, alendo amayamba kuchepa. Apongozi amabwerera kumudzi, m'nyumba n'kutsala anthu awiri ndi khanda. Mabanja ambiri amene ndimacheza nawo pa ntchito yanga ya unamwino amati mavuto adayambira pamenepo.

Tisiyanitse kaye zinthu. Mayi kumangolira popanda chifukwa patapita masiku atatu kapena anayi chichirireni n'zofala. Thupi likusintha mofulumira, tulo palibe, ndipo zimatha zokha pasanathe masabata awiri. Koma zikapitirira, mayi osafuna chakudya, osagona ngakhale mwana wagona, akudziona wolephera, khanda likulira iye ali duu, amenewo ndi matenda a maganizo. Si ulesi, si kulodzedwa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'mayiko amene akukwera kumene ngati lathu, vutoli limagwira pafupifupi mayi mmodzi mwa amayi 5 aliwonse amene angobereka.

Chimene chimandiwawa n'chakuti amene amaona zizindikirozi poyamba ndi bambo, koma ndi yemweyo amene timamusiya panja. Mayi akabwera kudzaonedwa patatha masabata 6, timafunsa za bala, za kuyamwitsa, za kulera. "Muli bwanji mayi?" Iye amati ali bwino, chifukwa ndani angadandaule atapatsidwa mwana wamoyo? Bambo akalowa nawo, nkhani imasintha. Ndi iye amene amati, "Anamwino, akazi angawa usiku sagona, amangokhala tsonga." Mawu amenewo okha amatipatsa poyambira. Tili ndi mafunso 10 othandiza kudziwa ngati mayi ali ndi matendawa, otchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, amene adakonzedwa mu 1987 ndipo adamasuliridwa m'Chichewa. Kuyankha kwake sikutenga nthawi.

Abambo nawonso amadwala, pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse, makamaka mayi akakhala kuti akuvutika kale. Kawirikawiri iwo salira. Amapsa mtima msanga, amachedwa kubwera kunyumba, ena mowa umachuluka. Mkazi amaganiza kuti chikondi chatha, pomwe mwamunayo akusowa pogwira ndi nkhawa ya ndalama ndiponso mantha oti sakukwanitsa. Awiriwa akamvetsera limodzi kufotokoza kwathu, kulozana chala kumachepa. Amayamba kugawana usiku kuti mayi agoneko maola angapo osadzutsidwa, amadziwa m'bale woti amuitane, ndipo mankhwala akafunika bambo satsutsa, chifukwa wamva yekha kuti alipo oyenera mayi woyamwitsa. Olembedwa ntchito adziwenso kuti kuchokera mu 2021 lamulo la ntchito limapatsa bambo tchuthi cha masabata awiri mwana akabadwa.

Pali zina zosadikira tsiku la sikelo. Mayi akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kulankhula zosagwirizana, kapena kunena zodzipha kapena kuvulaza mwana, asasiyidwe yekha ngakhale pang'ono. Pitani naye tsiku lomwelo kuchipatala chomwe muli nacho pafupi. Achipatala akaona kuti n'kofunika, adzakutumizani kwa akatswiri, monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.