Mwatenga mwana kuti akhale wanu: koyambira ndi kopeza thandizo mu Blantyre

Uthengawu ndi wa makolo amene atenga mwana kudzera ku Bwalo Lalikulu la milandu, komanso wa agogo, azakhali ndi amalume amene akulera mwana wa m'bale wawo popanda kalata iliyonse, omwe ndiwo ochuluka kuno kwathu.

Sabata yoyamba yomweyo pitani naye kuchipatala, ngakhale akuoneka wathanzi. Itanitsani buku lake la kuchipatala kumene mwamutengako. Ngati linasowa, pitanibe ku Ndirande, Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni kapena Limbe, akamuyambitsira lina. Kusikelo amuyeza kulemera ndi kuona katemera amene anamudutsa. Wa chikuku amaperekedwa pa miyezi 9 ndi 15, vitamini A miyezi 6 iliyonse, ndipo mankhwala a njoka za m'mimba amayamba mwana akakwanitsa chaka. Wonyentchera amapatsidwa chiponde, ndipo wodwalika amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

Ngati mbiri ya mayi womubereka simukuidziwa, pemphani kuti ayezedwe HIV. Mwana wobadwa kwa mayi amene ali ndi kachilomboka amayezedwa pa masabata 6, kenako pa miyezi 12 ndi 24. Akapezeka nako, ma ARV ndi aulere m'zipatala za boma, ndipo akamamwa mwandondomeko amakula ndi kuphunzira ngati anzake. Kudyera naye mbale imodzi kapena kugona mphasa imodzi sikupatsira kachilomboka, choncho musamupatule.

Khanda losakwana miyezi 6 lomwe lilibe womuyamwitsa lisapatsidwe phala kapena mkaka wa ng'ombe. Anamwino akuonetseni kasungunulidwe ka mkaka wa m'chitini ndi madzi owiritsa, ndipo mum'mwetse ndi kapu, pakuti botolo limavuta kutsuka ndipo limabweretsa kutsegula m'mimba.

Chimene chimagwetsa ulesi makolo ambiri si matenda ayi, koma khalidwe. Mwana wa zaka 7 ayamba kukodza pogona. Mupeza mbamu ya nsima yadzulo m'thumba la kabudula kapena pansi pa pilo, pamene kunyumbako chakudya chilipo chokwanira. Wina amakumamatirani mpaka pakhomo la bafa, wina safuna n'komwe kumugwira, wina amathamangira mlendo aliyense ngati amamudziwa. Achibale afulumira kunena kuti ndi magazi a kwawo, ena mpaka kutchula ufiti. Si zimenezo. Mwana amene anagonapo ndi njala kapena anasinthidwa manja kangapo sakhulupirira msanga kuti pano wafika. Chikwapu chimangotsimikizira mantha akewo. Chomwe chimathandiza ndi kudya ndi kugona nthawi yofanana tsiku lililonse, kumuuza kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, n'kubweradi. Chakudya chobisacho musamuchititse nacho manyazi pamaso pa anzake. M'patseni nthochi kapena mtedza woti asunge yekha. Miyezi ikapita zinthu osasintha, kapena mwana akamalota zoopsa usiku uliwonse, akamadzivulaza kapena kusiyiratu kulankhula, kafotokozeni kuchipatala kuti akutumizeni kwa a uphungu.

Mumuuze zoona za kumene anachokera, pang'onopang'ono molingana ndi msinkhu wake. M'makwalala athu muno chinsinsi sichikhalitsa, ndipo n'zowawa kuti mwana akamve kwa mnzake pa mpopi atayambana. Ana anu obereka muwakonzekeretsenso, ndipo ntchito zapakhomo ndi fizi zigawidwe mofanana. Mwana wotengedwa akasanduka wantchito wa pakhomo, kumeneko ndi nkhanza.

Za makalata musazengereze. Sungani bwino chigamulo cha bwalo ndipo mukonze chiphaso cha kubadwa ku National Registration Bureau. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limawerengera mwana wotengedwa mwalamulo ngati mwana wanu weniweni, koma kulemba wilo kumachepetsa mikangano ya pamaliro. Amene mukulera mwana mongogwirizana pachibale, pitani ku ofesi ya Social Welfare ya boma la Blantyre. Akufotokozerani njira zimene lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapereka kuti ulezi wanu udziwike mwalamulo, ndiponso ngati banja lanu lingayenere thandizo ngati la Mtukula Pakhomo, lomwe ndi la mabanja ovutikitsitsa okha.

Mwana akaulula kuti anagwiriridwapo kapena kuzunzidwa, mukhulupirireni ndipo musadikire. Ku Chikwanekwane pa Queen Elizabeth mukapeza achipatala, apolisi ndi a Social Welfare pamalo amodzi. Ngati zangochitika kumene, mankhwala oteteza ku HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72. Kupolisi funsani a Victim Support Unit. Nambala ya foni yothandiza ana ya 116 ndi yaulere, ndipo inu kholo mukatopa mpaka kuopa kuti mum'menya mwanayo, mukhoza kuyimbanso nambala yomweyo.