K wa mu "knife" adachokera kuti?

Chaka chilichonse ndikalandira kalasi yatsopano, sipalephera kupezeka mwana wowerenga "knife" ngati "kinife", kapena "name" ngati "na-me". Anzake amafa nacho chikhakhali, iye n'kungozolika. Ine ndimawaletsa. Mwanayo wawerenga momwe Chichewa chidamuphunzitsira, kuti chilembo chilichonse chimatchulidwa, ndipo Mngerezi wa zaka 600 zapitazo akanamumva iyeyo msanga kuposa ine mphunzitsi wake.

Chingerezi chidafika ku Britain cha m'ma 450, ndi mitundu ya Angles, Saxons ndi Jutes yochokera kumpoto kwa Germany ndi ku Denmark. Zidzukulu zawo zitayamba kulemba, zinkalemba zomwe zinkatchula. K wa mu "knee" ankamveka bwinobwino. Pomwe lero pali "gh" mu "night" panali liwu lotulukira kukhosi, lomwe Ajeremani akadali nalo mu mawu awo akuti "Nacht". Pambuyo pake ma Viking ochokera ku Denmark ndi Norway adakhazikika kumpoto ndi kummawa kwa England, n'kusiya mawu a tsiku ndi tsiku monga "they", "sky" ndi "egg".

Zinthu zidatembenuka mu 1066, pomwe William wa ku Normandy, dera la kumpoto kwa France, adapambana nkhondo ya ku Hastings n'kukhala mfumu ya England. Kwa zaka pafupifupi 300, kunyumba ya mfumu ndi kumabwalo a milandu kunkalankhulidwa Chifalansa, Chingerezi n'kutsala cha alimi ndi antchito. Woweta ng'ombe ankati "cow", koma nyama yake ikafika pa tebulo la bwana inkatchedwa "beef", mawu a Chifalansa. Alembi ozolowera Chifalansa adasinthanso kalembedwe: "cwen" idasanduka "queen", ndipo "hus" idasanduka "house", poti kwa iwo "ou" ankaimira liwu la u.

Tsopano apa ndi pomwe pagona nkhani. Kuyambira cha m'ma 1400, Angerezi adayamba kusintha pang'onopang'ono katchulidwe ka mavawelo aatali. "House" yomwe inkamveka "huus" idafika pa "haus". "Time" inkamveka "tiime", pafupifupi momwe mwana wa ku Dedza angaiwerengere asanauzidwe kalikonse, koma idadzakhala "taim". Kusinthaku kudatenga zaka mazana angapo, ndipo kuli mkati, William Caxton adakhazikitsa makina osindikizira mabuku ku Westminster mu 1476. Makina adayamba kumangirira malembedwe pamalo amodzi pamene pakamwa pa anthu padali paulendo.

Caxton yemweyo ankazunguzika posankha mawu oti asindikize. Mu 1490 adalemba za wamalonda wina yemwe adaima panyumba ina m'mphepete mwa mtsinje wa Thames n'kupempha "eggys", kutanthauza mazira. Mayi wa panyumbapo adayankha kuti sadziwa Chifalansa. Wamalonda uja adapsa mtima, poti nayenso sankachidziwa. Adamvana mnzake atatchula "eyren", dzina la mazira kummwera kwa England. Onsewo anali Angerezi, koma dzira lenilenilo lidawasokoneza.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi zilembo zomwe zidalowetsedwa dala. Anthu ophunzira a m'zaka za m'ma 1500 ankalemekeza Chilatini kotero kuti adakhazikitsa b mu "debt" pofuna kuonetsa kuti mawuwo ndi mdzukulu wa "debitum", chonsecho Angerezi adawatenga ku Chifalansa ngati "dette" ndipo b ameneyo sanatchulidwepo n'kale lomwe. S wa mu "island" adalowa molakwitsa kumene, poganiza kuti mawuwo ndi pachibale ndi "isle", pomwe si choncho. Ana athu amalandira cholembera chofiira pa mayeso chifukwa cha kulakwitsa kwa akuluakulu omwe adamwalira kalekale.

K wa mu "knife" ndi "knee" adasiya kumveka m'zaka za m'ma 1600, koma apa n'kuti atakhazikika kale m'mabuku. Dikishonale ya Samuel Johnson ya mu 1755 idangokhomerapo msomali. Ku America, Noah Webster adayesa kudulira zina mu dikishonale yake ya mu 1828, n'chifukwa chake kumeneko amalemba "color" pomwe ife, otsata Britain, timalemba "colour". K uja sadamukhudze.

Ndiye ine m'kalasi ndimalemba "knight" pa bolodi n'kuwauza ana kuti lero titchula ngati makolo a Angerezi: k amveke, i akhale i wathu wa Chichewa, "gh" atuluke kukhosi, t atseke. Kalasi yonse imachita phokoso ngati ikutsokomola, ndipo mwana uja ankasekedwa ndi amene ndimamuimiritsa kutsogolo kuti ayambitse. Pa sipelo ya Lachisanu, k ndi "gh" amakhala ali m'malo mwake m'makope ambiri.