Kodi kamphaka kasambitsidwe kangati?

Amene angolandira kamphaka pakhomo amafunsa funso limeneli, makamaka ana akayamba kukanyamula ndi kugona nako pamphasa. Kamphaka kathanzi, kamene sikanadzipake chinthu choopsa, sikafunika kusambitsidwa. Kakapitirira masabata 8 ndipo pali chifukwa chenicheni, mungakasambitse, koma osapitirira kamodzi pa masabata 4 mpaka 6. Amphaka ambiri amakalamba osalowapo m'beseni, ubweya wawo uli see, wopanda fungo.

Mphaka amasamba ndi lilime lake. Lilimelo lili ndi timinga toyang'ana kukhosi, n'chifukwa chake akakunyambitani padzanja mumamva kukhakhala. Timingati timagwira ntchito ya chipeso: timachotsa fumbi ndi ubweya wothothoka, ndiponso timafalitsa mafuta amene khungu limatulutsa. Sopo amachotsa mafutawo. Mukamasambitsa kamphaka sabata ndi sabata, khungu limauma, limayamba kuyabwa ndi kufunduka, kenako mwini wake amaganiza kuti kali ndi litsiro n'kukasambitsanso.

Kosakwana masabata 8 musakaviike m'madzi

Chimene chimapha tiana ta mphaka posambitsidwa ndi kuzizira. Mphaka wamkulu thupi lake limatentha pakati pa madigiri 38 ndi 39, ndipo amatha kusunga kutenthako yekha. Kamwana kobadwa kumene sikatha. M'masabata 3 kapena 4 oyambirira kamadalira kutentha kwa mayi wake ndi kwa tinzake timene kamaunjikana nato. Kathupi kake n'kakang'ono, kalibe mafuta, ndipo ubweya ukanyowa kutentha kumatha m'mphindi zochepa. Kamphaka kozizidwa kamasiya kulira, kamalefuka, kamakana kuyamwa, ndipo kakhoza kufa tsiku lomwelo. Mu Juni ndi Julaye, kapena pamene chiperoni chagwa, ngoziyi imakula kwambiri.

Ngati mayi wake alipo, ntchito yonse musiyireni. Amakanyambita thupi lonse, ndiponso amanyambita kumimba ndi kunsi kwa mchira kuti kakodze ndi kuchita chimbudzi, pakuti kamwana kosakwana masabata 3 sikatha kuchita zimenezi pakokha. Ngati ndi kamasiye, mayi wake ndinu. Kakatha kudya, tengani kansalu kofewa kapena thonje, kanyowetseni ndi madzi ofunda, finyani, ndipo pukutani pang'onopang'ono kunsi kwa mchira mpaka katakodza. Pukutaninso pakamwa ndi pachifuwa pamene patayikira mkaka, kenako kaumitseni ndi nsalu ina. Kusamba kwa kamasiye n'komweko. Pofika masabata 4 kamayamba kudzinyambita, ndipo pa masabata 6 kamakhala katazolowera.

Pali chinanso chimene anthu ambiri sadziwa. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiana ta mphaka tambiri. Kamphaka kakamadetsa kumchira tsiku ndi tsiku, vuto lili m'mimba, osati pa ubweya: mwina ndi mkakawo, mwina ndi njoka za m'mimba. Kukasambitsa kambirimbiri kumangowonjezera kuzizira pa kamwana kamene katha kale madzi m'thupi. Pitani nako kwa alangizi a ziweto.

Nthata

Chifukwa chachikulu chimene anthu amathamangira kubeseni ndi nthata, ena amati utitiri. Nkhawayo ndi yomveka. Nthata zimayamwa magazi, ndipo kamphaka kali ndi magazi ochepa kwambiri, moti zikachuluka kamatha magazi n'kufa. Tukulani mlomo wake muone nkhama: zikhale zofiirira. Zikakhala zotuwa kapena zoyera, musadikire mawa. Kamphaka kakameza nthata podzinyambita kamatenganso njoka za m'mimba zaphanthiphanthi, zija tizidutswa take timaoneka ngati mpunga kunsi kwa mchira.

Komabe kusambitsa kokha sikuthetsa nthata. Zimene mukuziona pathupi ndi zochepa chabe. Mazira ndi timphutsi take tili m'nsanza zimene kamagonapo, m'ming'alu ya pansi ndi pansi pa mipando. Mukasambitsa lero, mkuja zabwereranso. Chapani zogonera zake ndi madzi otentha, ziyanikeni padzuwa, sesani m'makona monse, ndipo thandizaninso mayi wake, agalu ndi amphaka ena a pakhomopo. Kwa kamwana kakang'ono, chipeso cha mano othinana n'chabwino kuposa beseni. Pesani tsiku lililonse, makamaka m'khosi, kumimba ndi patsinde pa mchira, ndipo nthata zimene mwagwira ziponyeni m'kapu ya madzi a sopo. Mankhwala a nthata oyenera amphaka alipo, koma amatengera msinkhu ndi kulemera kwa kamphakako, choncho funsani a vetenale musanagule.

Apa ndikuchondereni ndi mtima wonse, chifukwa amphaka ambiri amafa ndi chifundo cha eni ake. Mankhwala a nthata opangira agalu musawayandikize kwa mphaka. Ambiri mwa iwo ali ndi mankhwala ophera tizilombo otchedwa permethrin, ndipo chiwindi cha mphaka sichitha kuchotsa mankhwalawa m'thupi monga chimachitira cha galu kapena cha munthu. Madontho ochepa ndi okwanira kuti kamphaka kayambe kuchucha dovu, kunjenjemera, kudzandira ndi kuphupha ngati kagwidwa khunyu. Chimodzimodzi mankhwala a dibi a ng'ombe ndi mbuzi, mankhwala opopera udzudzu ndi mphemvu, ndi fumbi lothira m'chimanga poteteza anankafumbwe. Dettol ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi nawonso ndi poizoni kwa mphaka, ngakhale mutawasungunula m'madzi ambiri. Palafini amawotcha khungu. Kumbukirani kuti chilichonse chimene mwapaka pa ubweya, mphaka adzachinyambita n'kuchimeza. Ndipo kakadwala musakapatse Panado: ngakhale kachidutswa ka piritsi kamapha mphaka.

Pamene kusambitsa kuli koyenera

Kamphaka kakagwera mu oyilo wa galimoto, girisi, penti kapena mankhwala, kasambitseni nthawi yomweyo kasanayambe kudzinyambita, ngakhale kali kakang'ono. Kakamatidwa pa ulimbo wa makoswe, musakasolole. Pakani mafuta ophikira pamene pamatapo, fikisani ndi zala mpaka ulimbo utalekerera, kenako tsukani mafutawo. Kakadzola chimbudzi thupi lonse, nsalu yonyowa ikalephera, sambitsani mbali yodetsedwayo.

Zipere ndi nkhani ina. Zimaoneka ngati timabwalo tothothoka ubweya kumaso, m'makutu ndi m'miyendo, ndipo zimapatsirana kwa anthu, makamaka ana. Apa dokotala wa ziweto akhoza kulamula kusambitsa ndi mankhwala apadera kawiri pa sabata kwa masabata angapo. Kumeneko ndi kuchiza matenda, ndiye tsatirani zimene wanena mpaka kumapeto, ndipo mwana amene watuluka chipere mupite naye kuchipatala.

Posambitsa, sankhani masana dzuwa likuswa mtengo, m'chipinda chopanda mphepo. Konzeranitu zonse: beseni, kapu, matawulo awiri ouma. Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda. Ayeseni ndi chigongono. Asapitirire m'mimba mwa kamphaka kakaimirira, ndipo yalani kansalu pansi pa beseni kuti kasaterereke, chifukwa kuterereka ndi kumene kumakachititsa mantha n'kuyamba kukanda. Gwiritsani ntchito shampu wa amphaka. Ngati palibe ndipo ndi zadzidzidzi, kadontho ka sopo wamadzi wotsukira mbale kangathandize pa oyilo, koma osati sopo waufa wochapira zovala. Yambani m'khosi kutsikira kumchira, kuti nthata zisathawire kumutu. Mutu musauthire madzi. Upukuteni ndi kansalu, ndipo madzi asalowe m'makutu, m'maso kapena m'mphuno. Tsukuluzani mpaka thovu lonse litatha. Zonsezi zisapitirire mphindi 5.

Kuumitsa n'kofunika kuposa kusambitsako. Kakulungeni m'thawulo, likanyowa sinthani lina, ndipo kafungatireni pachifuwa panu mpaka ubweya utauma kufikira pakhungu. Botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'nsalu limathandiza. Musakaike pafupi ndi mbaula: kakhoza kupsa, komanso mpweya wa makala m'chipinda chotseka umapha. Ngati kazizidwa ndipo kalefuka, kafunditseni kaye musanakapatse chakudya, chifukwa m'mimba mwa kamphaka kozizidwa simugaya.

Dzitetezeni nanunso

Kamphaka kamantha kamakanda ndi kuluma. Ntchitoyi isapatsidwe kwa ana. Mukakandidwa kapena kulumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Chiwewe chimabwera kwambiri kudzera mwa agalu, koma amphaka nawonso amachitenga n'kupatsira anthu, ndipo zizindikiro zikayamba kuoneka sichichizika. Ngati kamphakako mwangokatola panjira, simukudziwa kumene kachokera, kapena sikanabayidwe katemera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mukafotokoze. Katemera wa chiwewe amaperekedwa kamphaka kakakwana miyezi 3. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya kwanuko, kapena ku mabungwe osamalira ziweto monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre.

Palinso matenda ena obwera ndi kukandidwa, oyambitsidwa ndi kachilombo kotchedwa Bartonella henselae, kamene kamapezeka m'zitosi za nthata zokanirira m'zikhadabo. Patapita sabata imodzi mpaka atatu munthu amatupa mwanabele m'khwapa kapena m'khosi ndipo amatentha thupi. Kwa ambiri zimatha zokha, koma kwa amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, monga ena amene ali ndi HIV, zimafika poipa. Anthu oterewa, pamodzi ndi amayi oyembekezera, asagwire chimbudzi cha mphaka ndi manja. Wina awathandize kutsuka kamphaka kodetsedwa ndi kutaya mchenga umene kamadzithandizirapo, ndipo wogwirayo asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Kamphaka kamene kanali kaukhondo n'kusiya mwadzidzidzi kudzinyambita, ubweya uli nyankhalala, maso ali ndi manthongo, kakudwala. Kameneko musakasambitse, kafunditseni ndipo pitani nako kwa a vetenale.