Kuphika tcheni cha njinga m'phula la makandulo

Wakabaza amene amanyamula nanazi kuchokera ku Likhubula kupita pa Chitakale amaudziwa msuzi wakuda umene umamata pa tcheni. Ambiri amathira oyilo wakale wa galimoto, tcheni n'kukhala chete masiku awiri. Koma oyilo amagwira fumbi. Katondo wa m'misewu ya m'minda ya tiyi akasakanikirana ndi oyiloyo, amalowa mkati mwa mfundo za tcheni n'kumapala chitsulo ngati tupa. Tcheni chimatalika, mano a kalanka ndi fuliwilo amasongoka, kenako pa chitunda tcheni chimayamba kulumpha.

Phula siligwira fumbi chifukwa likazizira limauma gwa. Anzathu a kumayiko ozizira ngati Switzerland ndi Canada amalisungunulira ndi simbi pansi pa snowboard, thabwa lija amatsetserekera pa chipale, kuti lizitereka bwino. Ife chipale tilibe, koma phula lomwelo limagwira ntchito pa tcheni.

Ntchito yaikulu ili pa kutsuka, ndipo ambiri amalakwa pomwepa. Phula silimata pa chitsulo chamafuta. Masulani loko ya tcheni, muchiike m'botolo lokhala ndi parafini wokwanira kuchimiza, mutseke n'kukhutchumula kwa mphindi zingapo. Tayani parafini wakudayo, thirani wina. Chitani katatu kapena kanayi mpaka parafini azituluka woyera. Parafini nayenso amasiya timafuta, choncho mumalize ndi sipiliti, kapena madzi otentha a sopo waufa, mutsukuluze, muyanike padzuwa mpaka chiume mkati mwenimweni. Mukapukuta ndi nsalu yoyera n'kuona mzere wakuda, bwererani m'botolo. Ngakhale tcheni chatsopano cha m'pepala chimafunika kutsuka chimodzimodzi, poti chimabwera ndi girisi wa kufakitale. Kalanka ndi fuliwilo muzikweche ndi mswachi wakale, apo ayi zidetsanso tcheni tsiku lomwelo. Petulo msiyeni, pakuti ntchitoyi ikhala pafupi ndi moto.

Musanawononge makandulo, yezani tcheni. Pa tcheni chabwino, kuchokera pa pini imodzi kuwerenga mapini ena 24, pamakhala mainchesi 12 ndendende, omwe ndi masentimita 30.5. Chikapitirira ndi mamilimita atatu, chatha chimenecho. Phula silibweza chitsulo chimene chinadyeka kale.

Tengani makandulo oyera, osanunkhira, okwana magalamu 300 mpaka 400. Achikuda ndi onunkhira amakhala ndi mafuta ena amene amafewetsa phula. Phula la njuchi nalonso limanata kwambiri likakhala lokha. Dulani makandulo, chotsani zingwe zake, muike m'chitini chouma. Chitinicho muchiike m'poto wa madzi, potoyo ndiye apite pa mbaula. Phula la makandulo limasungunuka pa madigiri 50 mpaka 65, ndipo madzi sangapitirire 100, ndiye phula silingapse. Mukatereka chitini pa makala penipeni, phula limatulutsa utsi ndipo limatha kuyaka. Likayaka musathire madzi, moto umathethekera kumaso. Vundikirani ndi chivundikiro cha poto. Ana akhale patali.

Pindani sipoko yakale ngati mbedza, mulowetse tcheni ndi loko yake, mumize. Tcheni chozizira chimaundanitsa phula pomwepo, musadabwe, lisungunukanso. Muona tithovu tikukwera: ndi mpweya ukutuluka m'mfundo pamene phula likulowa. Gwedezani pang'onopang'ono, mudikire mphindi 10 kapena 15 mpaka tithovu titasiya. Amene amangoviika n'kuvuula amapaka kunja kokha, pamene chitsulo chimadyana mkati.

Vuulani, mukoloweke pa msomali pamwamba pa chitini kuti lotsala lidonthere momwemo. Pakatha mphindi 20 tcheni chimakhala chouma ngati ndodo. Chithyoleni mfundo imodziimodzi pochikoka pa mpini wa khasu, ndiye muchibwezere. Kachitsulo kotsekera loko, mbali yake yotseka iyang'ane kumene tcheni chikupita, kuti kasagwe. Makilomita oyamba njinga imalemera pang'ono ndipo tizibenthu toyera timagwa. Palibe cholakwika.

M'chilimwe, pa msewu watala ngati wa Luchenza kupita ku Muloza, phula limatha kufika makilomita 300. M'fumbi ndi katundu wolemera limatha msanga. Khutu ndilo likuuzeni: tcheni chikayamba kulira tsetsetse, nthawi yakwana. Kuphika kachiwiri n'kosavuta. Parafini safunikanso. Thirani madzi owira pa tcheni kuti phula lakale lichoke ndi fumbi lake, muumitse, mumizenso m'chitini chomwe chija. Musathirepo oyilo pakatikati poti mwamva kulira, mukatero mwabwerera pa kutsuka kuja.

Kuno kwathu mdani wa phula ndi madzi. Oyilo amayenderera n'kukuta chitsulo, pamene phula likachoka pamalo silibwerera, dzimbiri limagwira usiku umodzi wokha. Mukavumbwa kapena chiperoni chikakunyowetsani m'miyezi ya Juni ndi Julayi, pukutani tcheni mukangofika pakhomo, osadikira m'mawa. Kwa wakabaza woyenda m'matope tsiku ndi tsiku kuyambira Disembala mpaka Malichi, kunena zoona, oyilo woyera wa njinga wothira dontho limodzi pa mfundo iliyonse n'kupukuta wotsala amaposa phula. Phula muliyambe mvula ikatha. Amene angathe agule matcheni awiri, aziwaphika pamodzi Lamlungu masana, kenako china chipite pa njinga, china chikhale m'pepala kudikira.