Chipembere cha Dürer ndi nthata ya Hooke

Mwa zithunzi zakale zomwe anthu ku Ulaya amaika m'mafelemu n'kupachika pakhoma, pali ziwiri zomwe ndimafuna zitamakhala moyandikana nthawi zonse. China ndi cha chipembere, china ndi cha nthata.

Chipemberecho chinafika ku Lisbon pa 20 Meyi 1515, kuchokera ku Gujarat m'dziko la India, ngati mphatso yopita kwa mfumu Manuel I ya Portugal. Kwa zaka zoposa chikwi, chiyambire nthawi ya Aroma, ku Ulaya kunali kusanaonekenso nyama yotere. Mfumuyo inafuna kuyesa zomwe analemba Pliny, mlembi wachiroma wakalekale, zoti chipembere ndi mdani wa njovu. Anazikumanitsa, njovu n'kuthawa. Kenako chipembere anachikweza chombo kuti chikakhale mphatso kwa Papa Leo X, koma chombocho chinamira m'mphepete mwa nyanja ku Italy kumayambiriro kwa 1516, nyama n'kufera m'madzi.

Albrecht Dürer, mmisiri wojambula wa ku Nuremberg ku Germany, sanachionepo chipemberecho. Anangolandira kalata yofotokoza ndi kachithunzi kojambulidwa ndi munthu wina. Chithunzi chake chinasemedwa pathabwa, n'kudindidwa pa mapepala ambirimbiri. N'chokongola zedi, ndipo sindingachinyoze. Koma khungu analisandutsa zovala zachitsulo za asilikali, miyendo anaiveka mamba, ndipo pamsana pafupi ndi khosi anameretsapo kanyanga kopotana komwe chipembere chilichonse chilibe. Nyanga imodzi ya pamphuno anailondola, pakuti cha ku India chili ndi imodzi, osati ziwiri ngati cha kwathu kuno.

Chomwe chimandikhudza n'chakuti anthu ophunzira anakhulupirira chithunzichi kwa zaka zoposa 200. Conrad Gessner, katswiri wa zachilengedwe wa ku Switzerland, anachikopera m'buku lake la zinyama la 1551, ena n'kukopera kwa iye, kanyanga kaja kakuyenda nawo buku ndi buku. Zinayamba kusintha pomwe chipembere chamoyo chotchedwa Clara chinafika ku Rotterdam m'dziko la Netherlands mu 1741 n'kuzungulira nacho m'mizinda ya ku Ulaya mpaka 1758. Anthu anadzionera okha kuti pamsana palibe nyanga.

Nthata ija inajambulidwa mwanjira ina. Robert Hooke anali woyang'anira zoyesayesa ku Royal Society ya ku London, bungwe lomwe linayamba mu 1660 ndipo mawu ake otsogolera ndi akuti Nullius in verba, kutanthauza kuti usangotengera mawu a munthu. Mu 1665 anatulutsa buku la Micrographia, lodzaza ndi zomwe anaona pa maikulosikopu, chipangizo choonetsa tinthu ting'onoting'ono ngati tatikulu. Nthata anaijambula yaikulu moti pepala lake limachita kufunyululidwa, ubweya wa m'miyendo ndi zikhadabo zonse zikuoneka.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Hooke anadekhadi. Nyerere itamuvuta chifukwa chosakhazikika, anaiviika m'kachasu wa brandy mpaka inaledzera n'kukhala phee. Nsabwe anaiika padzanja lake kuti imuyamwe, iye akuyang'ana magazi akulowa m'thupi mwake. Analembanso kuti sankayamba kujambula asanachione chinthu pa kuwala kosiyanasiyana, chifukwa diso la ntchentche limaoneka mwina dzuwa likawomba mbali iyi, mwinanso likawomba mbali inayo. Apa ndi pomwe ndimamulemekeza kwambiri: ankakayikira ngakhale maso ake omwe.

Kudinda ndiko kunathandiza onse awiri. Kale chithunzi chokopera pamanja chinkasintha pang'onopang'ono kwa wokopera aliyense. Thabwa kapena mkuwa wosemedwa unkatulutsa chithunzi chimodzimodzi kambirimbiri, choncho cholakwa cha Dürer chinafalikira chosasintha. Koma pa chifukwa chomwecho, munthu wa ku Delft kapena ku Paris ankatha kutenga pepala la Hooke, kugwira nthata yake, n'kufananiza yekha mwendo ndi mwendo.